Tsiku Lotukwana Nsikidzi

Mu ufumu wa Mulibevuto mavuto anathetsedwa ndi lamulo, chaka chimene Mfumu Sindilakwa Wachiwiri inakhala pampando. Kuyambira pamenepo njala inkatchedwa kupumitsa mimba, ndipo maenje a mumsewu ankatchedwa mosungira madzi a mvula. Anthu sanatsutse. Ankangopumitsa mimba zawozo, n'kumalumpha mosungira madzimo popita kukasaka ganyu.

Mafoni atachuluka, khonsolo ya nduna inadzidzimuka pozindikira kuti anthu angathe kuyankhulana popanda wowamvetsera. Inatsegula msangamsanga gulupu imodzi ya dziko lonse n'kuitcha Tonse Tikukondwa. Aliyense wokhala ndi foni anangodzuka ali momwemo, ndipo kutulukamo kunali kuukira ufumu. Gulupu yotereyi inkafunika adimini, munthu woyang'anira zolembedwa ndi kuweruza pakabuka mkangano. Mpando umenewu unagwera Mayi Filesi Kamtedza.

Filesi anali wotsogolera mwambo pa zinkhoswe ndi maukwati, mayi wa mawu okoma ndi mawigi ambiri. Mwayi wake unabwera pa ukwati wa mwana wa nduna ina, pamene malume wa mkwatibwi, atakhuta mowa, analanda maikolofoni n'kuyamba kutchula mayina a zibwenzi zakale za mkwatibwiyo. Filesi anamugwira mkono malumeyo, n'kuvina naye, n'kuvina naye, mpaka kukamusiya kuseri kwa holo, iye akuganiza kuti akupatsidwa ulemu. Nduna ya Bata, a Chivomerezi, inaona zonsezo ili ndi ntchafu ya nkhuku m'manja.

"Mayi uyu," anatero a Chivomerezi, "ndiye adimini."

A Chivomerezi sankatchedwa choncho chifukwa chogwedeza dziko ayi. Ankavomereza chilichonse chotuluka m'kamwa mwa mfumu, ngakhale kuyetsemula.

Poyamba ntchito inali yopepuka. M'mawa uliwonse nyumba yachifumu inkatumiza uthenga wa mfumu, anthu n'kuika tizithunzi ta manja owomba pansi pake, kenaka aliyense n'kuyamba zake: wogulitsa nkhuku, wolengeza maliro, wofunafuna mbuzi yosochera. Filesi ankangokumbutsa anthu kuti zithunzi za zilonda azitumiza nthawi ya chakudya itadutsa.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankamudetsa nkhawa, ndipo anali mlamu wake, Nangondo, mlongo wa amuna ake. Nangondo ankakhala kutsidya kwa mtsinje wa Dikirani, ndipo ankagulitsa tomato mumsika wa Lirachete. Mlatho wa pa Dikirani unakokoloka kalekale. Boma linabwera kudzaika mwala wa maziko a mlatho watsopano kambirimbiri, moti miyala ya mazikoyo akanaisanja bwino anthu bwenzi akuwolokerapo. Nangondo ankawoloka ndi miyendo, madzi akumufika pachifuwa, dengu lili pamutu, foni ataimanga m'jumbo pamwamba pa tomato. Akafika mumsika ankafinya chitenje, n'kuyala tomato wake, n'kulemba pagulupu mawu omwe aja: "Mwadzuka bwanji nonse? Kodi mlatho uja uli pati?"

"Alamu, mundichotsetsa ntchito," Filesi ankamudandaulira.

"Ine ndangofunsa, alamu. Kapena inuyo mukudziwa pamene uli?"

Ndiyeno pagulupu paja panatulukira munthu wodzitcha Nsikidzi.

Palibe ankadziwa mwini dzinalo. Nambala inali yachilendo, chithunzi panalibe. Tsiku loyamba, banja lina litalengeza maliro a bambo awo, Nsikidzi inalemba kuti, "Pepani anamfedwa. Ana ena aja a ku Bisalani musaiwale kuwauza." Maliro aja anathera pa nkhonya, ngakhale malemuwo anali asanapondeko ku Bisalani chibadwire. Kenaka inauza kwaya ya amayi kuti achinyamata akuti amayiwo amaimba ngati zitseko zadzimbiri, n'kutembenuka kuuza achinyamatawo kuti amayi akuti iwo amabwera kutchalitchi kudzasaka akazi. Inkaponya mawu amodzi n'kukhala chete, kumaonerera anthu akudyana, ndipo moto ukafuna kuzima inkabweranso ndi kachikuni kena. Koma uthenga wa mfumu ukangofika, woyamba kuwomba m'manja inali Nsikidzi yomweyo.

Pasanapite nthawi inatera pa Nangondo. Pansi pa funso lake la mlatho inalemba kuti, "Tomato wa mayi ameneyu amawala chifukwa amamutsuka ndi madzi osambitsira maliro."

Tsiku limenelo anthu ankadutsa pabenchi la Nangondo atayang'ana kumbali. Ngakhale amene ankadziwa kuti ndi bodza ankati bola kugula kwa wina, poti m'mimba simubwezedwa chinthu. Tomato anafewa, n'kuyamba kudontha. Nangondo anatenga foni, n'kujambula mawu ake msika wonse ukumva.

"Iwe Nsikidzi, kaya ndiwe mwamuna, kaya mkazi, kaya chiyani, tchera khutu. Ine ndimawoloka madzi ozizira kuti ana anga adye. Iwe manja ako sanagwirepo khasu, sanasenzepo dengu, amangodziwa kukanda mimba ndi kubaya foni. Ukanakhala tomato ndikanakutaya kudzala, ndipo nkhumba zikanakununkhiza n'kubwerera!"

Nsikidzi inayankha ndi kankhope koseka ndi mawu awiri: "Onjezani, mayi."

Filesi anayesa njira yake ya pa zinkhoswe. Ali pabwalo la nyumba yachifumu kudikira uthenga wa tsikulo, analembera Nsikidzi payokha, mwaulemu, kuipempha kuti izilemekeza anzake. Yankho linabwera pompo: "Adimini, wigi yanu yapendekeka."

Anagwira kumutu. Inalidi itapendekeka. Anayang'ana uku ndi uku: alonda, makalaliki, madalaivala a nduna, aliyense atawerama pafoni yake, ndipo pamwamba pake mawindo a makatani otseka. 

Kuchotsa munthu pagulupu kunkafuna chidindo cha khonsolo, poti amene analowetsamo anthu inali khonsolo yomweyo. Choncho Filesi anakagwada pamaso pa nduna. Mfumu inali pampando wake itatseka maso, kaya ikusinza kaya ikusinkhasinkha, poti ku Mulibevuto ziwirizi sizinkasiyanitsidwa.

"Olemekezeka," anatero Filesi, "pagulupu pali anthu a mitundu iwiri amene amasokosa. Wina amadandaula chifukwa chinthu chikumupweteka, ndipo mukamuyankha amakhala pansi. Wina safuna yankho n'komwe. Amangofuna kuona anzake akupsa mtima, ndipo mukamuyankha m'pamene amasangalala. Wachiwiriyu ndiye mvundulamadzi. Dzina lake ndi Nsikidzi, ndipo ndikupempha chidindo kuti ndimuchotse."

"Mwayankhula bwino, mayi adimini," anatero a Chivomerezi. "Koma boma silingayendere za mumtima. Mtima suoneka. Tikufuna zizindikiro zoti wapolisi angathe kuziona ndi maso."

Nduna zinakambirana mpaka nthawi ya chakudya, zinadya, n'kukambirananso mpaka nthawi ya tiyi. Potsiriza a Chivomerezi anaimirira n'kuwerenga lamulo latsopano. Mvundulamadzi, linatero lamulolo, ndi munthu aliyense wofunsa funso, chifukwa m'dziko lopanda mavuto mulibe chofunsa. Ndi munthunso aliyense wotchula zinthu zimene kulibe, monga mankhwala a kuchipatala ndi milatho. Kachizindikiro kopindika kaja koikidwa kumapeto kwa funso kanaletsedwa m'dziko lonse, ndipo aphunzitsi analamulidwa kukafufuta m'mabuku.

"Koma Olemekezeka," anatero Filesi, "Nsikidzi sifunsa mafunso. Pagulupu ponse amene amafunsa tsiku ndi tsiku ndi..." Analuma lilime, koma mochedwa.

"Ndi mayi wa tomato uja," anamalizitsa a Chivomerezi, nkhope itawala. "Mwaona? Lamulo langobadwa kumene, koma lagwira kale munthu. Nsikidzi ndi mayi ameneyo."

"Nsikidzi imatukwana mayi yemweyo!"

"Kuchenjera kwake ndi kumeneko."

Mfumu inatsegula diso limodzi n'kulitsekanso, ndipo khonsolo inalemba kuti yavomereza.

Ku Lirachete anthu anaphunzira msanga kugula ndi kugulitsa popanda funso. Munthu ankaima pabenchi n'kunena kuti, "Kabichi ameneyu ayenera kuti ali ndi mtengo wake," wogulitsa n'kuyankha kuti, "Ali nawo ndithu, ndipo inu muyenera kuti muli ndi thumba." Moni anasanduka wongolosera: "Mwadzuka bwino, ndikukhulupirira." Bambo wina wogulitsa makala anati lamuloli lamupulumutsa, chifukwa akazi ake sangamufunsenso kumene wachokera.

Apolisi anabwera Nangondo akufinya chitenje. Atamugwira mikono anati, "Ndalakwa chiyani?"

"Mlandu wachiwiri umenewo," anatero wapolisi wamkulu.

Anamulanda foni n'kumutsekera m'chitokosi. Madzulo a tsiku lomwelo Nsikidzi inalemba pagulupu kuti atelala onse amaba nsalu za makasitomala n'kusokera zibwenzi zawo. Filesi anathamanga nayo foni kwa a Chivomerezi, akupuma mwawefuwefu, n'kuwaonetsa kuti munthu amene ali m'chitokosi wopanda foni sangalembe kanthu.

A Chivomerezi anawerenga, n'kupukusa mutu mwachisoni. "Kulemba pafoni wopanda foni. Mayi adimini, mwatithandiza kwambiri. Uwu ndi ufiti."

Mlandu unakhala wachitatu, ndipo chilango chake chinali kukatayidwa ku chilumba cha Iwalika, kumene opitako sankamvekanso.

Kunyumba kwa Filesi kunalibe mtendere. Ana a Nangondo anabwera kudzakhala nawo, ndipo ankangomuyang'ana. Amuna ake anakankha mbale ya chakudya n'kunena kuti, "Mlongo wanga ali m'chitokosi chifukwa cha pakamwa pako." Filesi anadziwa kuti zinali zoona. Anapita kukamuona mlamu wake, n'kumupeza atakhala pansi pasimenti, mapazi atatupa.

"Alamu, ndikhululukireni."

"Musalire, mungawononge penti ya kumasoyo," anatero Nangondo. "Ana anga muziwapatsa chakudya. Wamng'onoyo amanama kuti wakhuta, musamamumvere."

Filesi anatuluka n'kukaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi polisi. Anatsegula gulupu ija, n'kupeza dzina la Nsikidzi. Analibe chidindo, ndipo ankadziwa kuti chimene akufuna kuchita chingamuperekeze ku Iwalika pamodzi ndi mlamu wakeyo. Komabe anadina. Pagulupu panatuluka mawu ang'onoang'ono akuti Nsikidzi yachotsedwa.

M'mawa mwake wailesi inalengeza kuti mfumu yakana chakudya cha m'mawa, ndipo dziko lonse likupemphedwa kukhala ndi nkhawa. Dzuwa lisanakwere, galimoto yakuda inaima pakhomo pa Filesi. Anavala wigi yake yabwino koposa, poganiza kuti ngati akupita kokatayidwa, apite akuoneka ngati munthu.

Sanamutengere kukhonsolo. Anamudutsitsa m'makonde ataliatali mpaka kukachipinda kena kam'mwamba ka makatani otseka, n'kumusiya yekha ndi mfumu. Mfumu Sindilakwa inali itakhala pa sofa, itavala mapatapata ndi chovala chogonera, maso atatupa. M'manja mwake munali kafoni kakang'ono kong'aluka galasi.

"Mayi adimini, kafoni aka kawonongeka. Ndikalemba sizikupita. Takakonzani, ndipo musayang'ane kwambiri."

Filesi anagwada, n'kulandira ndi manja awiri. Sanafunikire kuyang'ana kwambiri. Dzina linali pamwamba penipeni. 

"Mwinidziko, foniyi ndi yabwinobwino. Koma mwini wake anachotsedwa pagulupu."

"Anamuchotsa ndani?"

Filesi anaganiza zokumbutsa mfumu kuti nayonso yafunsa funso, koma anaona kuti si nthawi yake. "Ndine, Mwinidziko."

Anadikira kuti mfumu iitane alonda. M'malo mwake inapumira m'mwamba, n'kutsamira pa sofa.

"Inu simudziwa mmene ufumu umasungulitsira," inatero. "Ndikati kwatentha, onse akuti kwatentha. Ndikati ayi kwazizira, onse ayamba kunjenjemera. Tsiku lina ndinauza Chivomerezi kuti mwezi ndi wa makona anayi, iye anati wakhala akuona choncho kuyambira ali mwana. Koma ndikalowa m'kafonika, anthu amandiyankha ndi mtima wawo wonse. Tamverani ichi."

Inatenga kafoni kaja, n'kudina. M'chipinda monse munamveka mawu a Nangondo akunena za nkhumba zonunkhiza n'kubwerera. Mfumu inkatsatira mawuwo ndi milomo, poti inali itawaloweza, ndipo inaseka mpaka misozi.

"Chibadwire palibe anandiyankhulapo chonchi. Mayi ameneyu ali ndi mphatso. Koma masiku ano wangoti zii."

"Ali m'chitokosi, Mwinidziko. Akudikira kupita ku Iwalika."

"Wamutsekera ndani?"

"Lamulo lanu. Munali pomwepo."

"Ndinali m'tulo. Atuluke lero lomwe, ndipo amubwezere foni yake."

Chimwemwe chinamulimbitsa mtima Filesi mopitirira muyeso. "Mwinidziko, mayi ameneyu safuna zambiri. Tomato wake anaola chifukwa cha nthabwala yanu ija. Ndipo chimene amalirira tsiku ndi tsiku ndi mlatho basi. Mutangolamula..."

Mfumu inamuyang'ana modabwa, ngati munthu amene wauzidwa kuti aphe ng'ombe yake ya mkaka.

"Ndikamanga mlathowo, mayi ameneyu azikwiya ndi chiyani? Ayi. Ndibwezereni pagulupu. Ndipo zimene mwaona munozi zikangotuluka pakhomo ili, ku Iwalika mupita ndinu."

Filesi anaibwezera Nsikidzi pagulupu, akadali chigwadire.

Masana wailesi inalengeza kuti mfumu, mwa chifundo chake chosayezeka, yakhululukira mayi wa tomato, poti ufiti wake wapezeka kuti ndi wochepa mphamvu, ndipo kuti Nsikidzi yeniyeni ikusakidwabe. Filesi anakamutenga mlamu wake kupolisi n'kumuperekeza mpaka pa Dikirani. Nthawi zonse Filesi ankathera pagombe pomwepo n'kubwerera. Tsiku limeneli anaona mapazi otupa aja akulowa m'madzi, ndipo anavula nsapato zake, n'kuziika pamutu, n'kulowa nawo.

Madzi anali ozizira ngati akuluma. Anamufika m'mawondo, m'chiuno, kenaka pachifuwa, ndipo miyala yoterera inkamugwedeza mapazi. Anagwira mkono wa Nangondo mwamphamvu. Anakumbukira nkhope ya mfumu ikufunsa kuti mayiyu azikwiya ndi chiyani, ndipo mantha ake onse anasanduka ukali. Pakati pa mtsinje, pamene panalibe khutu lina koma la nsomba, anamuuza zonse.

Nangondo anaima chilili, madzi akumuzungulira. 

"Alamu," anatero potsiriza, "ndiye kuti nkhumba zija ndinkanena a Mwinidziko?"

"Eya."

"Ndipo sangandimange popanda kuulula kuti Nsikidzi ndi iwowo?"

"Sangathe."

Nangondo anaseka, kuseka kochokera pansi pa mimba, mpaka mbalame zinauluka m'bango.

Iye sanauze anthu ambiri. Anangonong'oneza mayi wogulitsa anyezi, amene analumbira kuti sauza munthu, ndipo pofika Loweruka msika wonse wa Lirachete unali utalumbira chimodzimodzi. Ogulitsa mayunitsi anadabwa kuona nkhalamba zimene zinali zisanalembepo kanthu pagulupu zikupanga mzere. Nsikidzi itangolemba kachipongwe kake ka m'mawa, dziko lonse linaigwera.

"Nsikidzi iwe, mankhwala a kuchipatala unamwa ndiwe."

"Nsikidzi, mimba yakoyo ndi feteleza wathu."

"Nsikidzi, takhala tikukupirira kuyambira nthawi ya bambo ako, ndipo iwonso anali nsikidzi."

Panalibe funso ngakhale limodzi, ndipo aliyense ankayamba wawomba m'manja pa uthenga wa mfumu. Filesi ankawerenga zonsezo monga adimini, n'kupeza kuti palibe lamulo lathyoledwa. Nsikidzi inayesa kuyankha ndi tinkhope toseka, koma tinkhopeto tinayamba kuchepa. Kutukwanidwa ndi mayi mmodzi waluso kunali kokoma, koma dziko lonse likamakutchula bambo ako, zimafika pena.

Munthu yekhayo amene sanamve chinsinsicho anali a Chivomerezi, chifukwa panalibe wowakonda mokwanira kuti awauze. Iwo anaona chipwirikiticho n'kugwetsa misozi ya chisangalalo. Pa khonsolo yotsatira anaimirira n'kunena kuti chiyambire ufumu anthu sanagwirizanepo chonchi, ndipo boma liyenera kutsogolera. Anapempha kuti pakhale Tsiku Lotukwana Nsikidzi, pabwalo lalikulu la zamasewero, mfumu ikhale mlendo wolemekezeka.

Ulendo uno mfumu inali maso onse awiri. Inayang'ana Filesi, amene anali atagwada pakona akuyang'ana pansi ngati mkwatibwi. Inatsegula pakamwa, n'kusowa chifukwa chokanira, n'kugwedeza mutu.

Tsikulo bwalo linadzaza mpaka anthu ena anakwera m'mitengo. Ana asukulu anaimba nyimbo yonyoza Nsikidzi. Gulu la asilikali linaguba litanyamula chithunzi chachikulu cha kachilomboko, chimene wojambula, mwina mwangozi, anachipatsa mimba ndi masharubu odziwika bwino. Wotsogolera mwambo anali Filesi mwini, ndipo anaitana Nangondo kuti ayankhule m'malo mwa ovutitsidwa.

Nangondo anayenda mpaka kutsogolo kwa nsanja, n'kugwada mwaulemu wonse, maso ali pa mfumu.

"Mwinidziko, ndikuthokoza chifukwa cha chifundo chanu. Inu ndinu bambo wathu. Koma kunja kuno kuli chinthu china chaulesi, chimene chimagona pa sofa anthu akumira. Chinthu chimenechi chinaoletsa tomato wanga kuti chiseke. Chimadya thukuta lathu, chikakhuta n'kumasewera ndi misozi yathu. Chikanakhala pano, Mwinidziko, ndikanachiuza pamaso kuti ndiwe munthu wachabechabe, wamantha, wobisala kuseri kwa katani, ndipo tsiku limene udzafe tidzalira chifukwa lamulo lidzatikakamiza."

Bwalo linaphulika. Amayi analuluta, abambo anaponya zipewa m'mwamba. Makamera onse anatembenukira kwa mfumu, ndipo mfumu inawomba m'manja pang'onopang'ono, ikumwetulira ndi mano okha.

A Chivomerezi sanafune kuti wogulitsa tomato awapose pamaso pa mbuye wawo. Analanda maikolofoni Filesi asanawaitane. Filesi akanatha kuwavinitsa n'kukawasiya kuseri kwa nsanja, koma anangobwerera m'mbuyo n'kupinda manja.

"Nsikidzi!" inakuwa ndunayo. "Galu wopanda mwini! Ndikanakugwira ndikanakuvula pamaso pa anthu onsewa n'kukukwapula ndi dzanja langali! Ndikudziwa ndiwe wonyansa nkhope, wonunkha m'kamwa, ndipo akazi ako amakupirira chifukwa cha njala! Mayi amene anakubereka anataya nthawi pachabe. Akanabereka dzungu, bwenzi ataphika n'kudya!"

Anthu anakuwa mpaka mawu anawathera, ena akugubuduka pansi. A Chivomerezi anali asanaomberedwepo m'manja chonchi moyo wawo wonse. Anabwerera pampando wawo pafupi ndi mfumu akupukuta thukuta, chifuwa chili patsogolo.

"Ndayesetsa, Mwinidziko," ananong'ona.

Mfumu inawerama, ikumwetulirabe chifukwa cha makamera, n'kuwayankha motsitsa mawu. Filesi anali pafupi ndipo anamva.

"Mwayesetsadi, a nduna. Makamaka pa mayi anga paja."

A Chivomerezi anayamba kugwedeza mutu kuvomereza monga mwa chizolowezi, koma mutuwo unaima panjira. Anayang'ana mfumu, anayang'ana chithunzi cha masharubu chija, anayang'ana khamu lonse limene linkawayang'ana likuseka. Kenaka anapempha madzi akumwa ndi mawu a kamwana.

Mfumu sikanatha kuwalanga chifukwa cha zimene ananena, choncho inawakweza. Wailesi inalengeza kuti pozindikira mphamvu zimene a Chivomerezi anaonetsa pabwalo, asankhidwa kukhala Mlatho Wogwirizira wa pa Dikirani, ndipo azibereka anthu kumsana kuwawolotsa mpaka tsiku limene mlatho weniweni udzamangidwe. Filesi anachotsedwa pa uadimini mwakachetechete, n'kubwerera ku zinkhoswe zake, kumene anthu ankamulimbirana kuposa kale. Nsikidzi sinalembenso kanthu, ngakhale inkaoneka kuti ikuwerenga.

Mlatho wa pa Dikirani unamangidwa mwaliwiro limene dziko la Mulibevuto linali lisanaonepo. A Chivomerezi ankati akatula munthu womaliza madzulo, ankathamangira kukakuwira amisiri, kusaka simenti, ngakhale kusenza njerwa okha.

Koma ntchito isanathe, Filesi anapita m'mawa wina kukachingamira mlamu wake pagombe. Anamuona akubwera pakati pa mtsinje, atakhala bwinobwino pamsana pa nduna, dengu lili pamutu, mapazi ali m'mwamba osakhudza madzi. Ndunayo inkapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"Mwadzuka bwanji, alamu!" anakuwa Nangondo. Kenaka anagogoda ndunayo paphewa. "Pang'onopang'ono, Olemekezeka. Tomatoyu ndi wakupsa, angaphwanyike."